Dzina la Chitaliyana pa Chiliza cha Agogo

Dzina la banja lathu ndi la Chitaliyana. Sindililemba pano, chifukwa abale anga a ku Tengani akadali nalo ndipo ena mwa iwo sachedwa kupsa mtima. Ndi dzina loti mphunzitsi aliyense watsopano akalipeza poitana maina m'kalasi, ankayamba wadzutsa mutu kuti aone mwini wake. Akapeza kuti ndi ine, mtsikana wakuda bii, miyendo ili mbuu ndi fumbi, kalasi yonse inkafa ndi chiseko. Anzanga ankanditchula kuti mzungu wopserera. Awiri ndinawathibula chifukwa cha mawu amenewo, ndipo mpaka lero sindinalape.

Dzinali linabwera ndi agogo aamuna, bambo a bambo anga. Iwo anachokera kutsidya ku Mozambiki, cha ku Mutarara, kuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anawoloka ali kale munthu wa ndevu zake, nakapeza ntchito ya njanji ku Chiromo, komwe ankagwira limodzi ndi mmisiri wina wa miyala, Mtaliyana. Tsiku limene kalaliki wa boma anabwera kudzalemba anthu m'kaundula, agogo anaopa kutchula dzina lawo lenileni. Ankaganiza kuti likamveka kutsidya, asilikali awalondola kapena akazunza abale awo otsala. Choncho anatchula dzina la Mtaliyana uja, kalaliki n'kulemba, nkhani n'kuthera pomwepo. Ntchito itatha Mtaliyanayo anapita, osamvekanso. Agogo anakwatira, anabereka ana, analima thonje mpaka msana kupindika, ndipo anamwalira osauzako munthu aliyense dzina limene anabadwa nalo, ngakhale mkazi wawo amene.

Mwa ana awo, amene anatsala ndi moyo mpaka ine kukula anali awiri: bambo anga ndi achemwali awo aakulu, azakhali anga. Awiriwa ankakondana, koma pa nkhani ya dzinali sankamwerana madzi. Bambo ankalinyadira koopsa. Analilemba ndi penti pa ngolo yawo ya ng'ombe, pa chishalo cha njinga, ngakhale pa ndowa yotungira madzi. Ankauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, kuti Mtaliyanayo anali munthu wa banja lalikulu kwawo, ndipo anapereka dzinalo kwa agogo ndi manja awiri chifukwa chowakonda. Azakhali ankangoti fwee, n'kunena kuti baba analitola chifukwa cha mantha, ndi la eni ake, ife tikungolisunga. Ndikukula ndinazindikira kuti phokoso lonse la bambo linali lobisira chinthu chimodzi. Mawu a azakhaliwo ankawabaya, chifukwa dzina lina loti n'kuthawirako analibe.

Bambo atayamba kudwaladwala miyendo, anaitanitsa banja n'kunena kuti akufuna amange chiliza pa manda a agogo iwo asanatsikire kulichete. Tinakhala pansi pa mtengo wa nimu wa pakhomo pawo, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Zonse tinagwirizana msanga: njerwa aumba ana a azakhali, mchenga akatuta ku mtsinje pa ngolo, mmisiri ndi wa m'mudzi momwemo. Tinakakamira pa zolemba.

"Pa manda a baba sipalembedwa dzina la mzungu," anatero azakhali. "Nkhabe, ayi ndithu. Mulembe kuti Baba Wathu, basi. Munthu sagona ndi dzina la mwini kumutu kwake."

"Achemwali, nanga zidzukulu zidzadziwa bwanji kuti wagona apa ndi ndani?" anafunsa bambo.

"Zidzadziwa ngati mmene inu mukudziwira, achimwene. Inuyo mukudziwa kuti anali ndani?"

Funso limenelo linawathyola bambo. Anangoyang'ana pansi, n'kumafukula dothi ndi ndodo yawo. Ndinamva chisoni, komanso ndinawakwiyira azakhali, ngakhale kuti sananame. Anthu atabalalika, bambo anandiitana pambali. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku boma la Nsanje, ndipo kwa iwo ine ndinali wodziwa zonse.

"Mwananga, ukandifufuzire tanthauzo la dzinali. Dzina lalikulu chonchi silingakhale lopanda tanthauzo. Ndikadzalinena pamaso pa anthu, achemwaliwa adzatseka pakamwa."

Ndinati ndiyang'ana pa foni pomwepo, koma anakana kwamtuwagalu. Anati foni imanama, iwo akufuna mawu a munthu wa kumeneko, woti ndamuona ndi maso anga.

Munthu wa kumeneko ndinkamudziwa mmodzi yekha. Pa chipatala china cha mishoni, kumene ndinkapita kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, panali sisitere wokalamba wa ku Italiya. Anakhala m'chigwa muno zaka zambiri moti Chisena ankachilankhula kuposa ine. Tsiku langa lokayezetsa litakwana, ndinadikira mzere uthe, n'kumutsatira pakhonde pomwe ankapumulira. Ndinamuonetsa chikuto cha buku langa la kuchipatala ndi kumufunsa ngati dzinalo akulidziwa.

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati angalephere bwanji kulidziwa, ku mzinda wa Napoli munthu atakuwa dzinali pamsika, anthu otembenuka angakhale ambirimbiri: ogulitsa nsomba, madokotala, akuba, ansembe, onse. Mtima wanga unayamba kukhala m'malo. Ndinaganiza kuti dzina lofala chonchi ndiye kuti ndi la fuko lalikulu, ngati mmene bambo ankanenera. Kenako ndinafunsa tanthauzo lake, ndipo sisitereyo anasiya kuseka.

Anandifotokozera mwapang'onopang'ono, akundiyang'ana kumaso. Kalekale kwawoko, mayi akabereka mwana woti sangathe kumulera, kaya chifukwa cha umphawi kaya manyazi, ankapita naye ku nyumba yolerera ana amasiye. Pa khoma la nyumbayo pankakhala kabowo kokhala ndi kabokosi kozungulira. Mayi ankagoneka khandalo m'kabokosimo ali kunja, n'kukazunguza kuti mwana alowe mkati, iye n'kuchoka osaonedwa ndi munthu. Ana oterewa ankafika opanda dzina la bambo kapena la mayi, ndiye olera aja ankawapatsa onse dzina limodzi. Dzinalo ndi lathuli, ndipo tanthauzo lake ndi mwana wosiyidwa panja.

"Si kuti aliyense wa dzinali lero anatayidwa," anatero sisitereyo. "Koma ukatsatira makolo ake, kumayambiriro ukapeza khanda m'kabokosi."

Ndinathokoza, n'kukakwera minibasi. Njira yonse ndinkangoona ngolo ya bambo, ndowa yawo, chishalo cha njinga, zonse zolembedwa kuti mwana wosiyidwa panja ndi penti yofiira. Ndinayamba kuseka ndekha, mayi amene ndinakhala naye pampando n'kusendera kutali. Koma pofika kunyumba chiseko chinali chitatha, ndipo ndinalira.

Nkhaniyi ndinaisunga milungu iwiri. Bambo ankatuma uthenga kudzera kwa aliyense wobwera ku boma, wofunsa ngati ndapeza, ine n'kumayankha kuti sisitere watanganidwa. Bodza ndinalikonza, labwino ndithu. Ndinati ndidzawauza kuti dzinali limatanthauza womanga ndi miyala, kapena mwini nyumba yaikulu. Ndani wa ku Tengani akanapita ku Napoli kukatsutsa? Koma ndikaganiza zowanamiza bambo anga ataima pa manda a bambo awo, ndinkachita manyazi. Ndikaganizanso zonena zoona, ndinkaona nkhope ya azakhali. Tsiku la chiliza linafika ndisanasankhe.

Tinapita kumanda m'mawa, dzuwa lisanakwiye. Njerwa zinali zitamangidwa kale dzulo lake, kunatsala kupaka simenti yosalala ya pamwamba. Kwathu ziliza za anthu wamba sizikhala ndi mwala wogula wolembedwa ndi makina. Mmisiri amapaka simenti kumutu kwa manda, kuisalaza bwinobwino, kenako amalemba dzina ndi msomali simentiyo idakali yofewa. Ukachedwa, yauma, ndipo m'chigwa muno siichedwa kuuma. Zimene walemba ndi zomwezo, zimene sunalembe ndiye kuti zatsala.

Mmisiri atamaliza kusalaza, anatulutsa msomali wa mainchesi sikisi m'thumba, n'kufunsa kuti alembe chiyani. Azakhali anali atakhala pa chitenje chawo chapafupi, miyendo atawongola. Bambo anatsamira ndodo, n'kutembenukira kwa ine, maso akuwala ngati a mwana wolandira mphatso.

"Mwananga, auze anthuwa zimene wamva kwa asisitere. Ukweze mawu, achemwali makutu anayamba kuvuta."

Bodza lija linali pakamwa penipeni. Koma nditayang'ana simenti yonyowayo, ndinalephera. Ndinanena zonse monga mmene ndinazimvera: anthu ambirimbiri a dzinali pamsika wa ku Napoli, nyumba ya ana amasiye, kabowo ka pakhoma, kabokosi kozungulira, mayi wochoka osatembenuka. Tanthauzolo ndinalitchula komaliza.

Mbuzi zinkalira kuseri kwa tchire. Ndinkadikira kuti azakhali aseke, ndipo ndinali nditakonzeka kuwayankha mwano, ukulu wawo uli apo. Sanaseke. Anangoti m'Chisena, "Tenepo, ndi choncho," n'kuyang'ana kumbali.

Bambo anakhala pansi pa mulu wa njerwa zotsala. Nkhope yawo inagwa, moti ndinadziona ngati ndawamenya. Mmisiri anakhudza m'mphepete mwa simenti ndi chala, n'kutsokomola.

"Madala, ikugwira iyi."

"Taimani," anatero bambo. Kenako anandifunsa, osandiyang'ana, "Ndiye kuti mzungu uja, dzinali silinali la makolo ake?"

"Linali la makolo ake, Baba, koma woyambayo anachita kupatsidwa. Kwawo kwenikweni sankakudziwa."

"Anapatsidwa ndi ndani? Mfumu?"

"Ayi. Anthu ongomulera."

"Nanga anthu onse a pamsika aja, ndi pachibale?"

"Ayi, Baba. Aliyense ndi khanda lake loyamba. Amangofanana dzina."

Bambo anagwedeza mutu kangapo. Kenako anatembenukira kwa azakhali, ndipo analankhula ndi mawu otsika amene sindinawamvepo akulankhula nawo pa nkhani imeneyi.

"Achemwali, zaka zonsezi mumati dzinali ndi la eni ake. Ine ndinkatsutsa pakamwa, koma mumtima ndinkaopa kuti mukunena zoona, kuti tsiku lina wina adzandifunsa kuti ndinalitenga kuti. Mwamva nokha. Lilibe mwini. Analipangira munthu amene wafika pamalo opanda wake, opanda dzina loti angatchule. Baba anafika ku Chiromo bwanji?"

Azakhali anatenga nsonga ya chitenje n'kupukuta m'maso, kenako mphuno, mwaukali, ngati kuti fumbi ndi limene lawalakwira.

Bambo anadzuka movutikira, n'kupempha msomali uja kwa mmisiri. Mmisiriyo anazengereza, chifukwa manja a bambo ankanjenjemera ndipo iye sankafuna kuti ntchito yake ionongeke, koma anapereka. Ndinawagwira pamkono mpaka anagwada kumutu kwa manda. Mawondo awo analira, iwo osadandaula. Chilembo choyamba chinatuluka chokhota, chosazama, moti ukaima patali sukanachiona. Anapuma, n'kuyamba chachiwiri.

Apo ndi pamene azakhali anadzuka. Iwo sukulu sanapiteko, zilembo sankazidziwa, koma anabwera n'kuwerama pambali pa mchimwene wawo, kuyang'anitsitsa mzere umene msomali unasiya. Ndinaganiza kuti akufuna kuletsa. M'malo mwake anaika dzanja lawo pamwamba pa dzanja la bambo, n'kulipanikiza.

"Kanikizani, achimwene," anatero. "Mukulemba ngati mukuopa munthu. Kuno kumasefukira madzi, lembani lizame."