Malata Odikira Mlendo

Ntchito yanga yoyamba ya ukalipentala ndinaipeza chifukwa cha chimphepo. Chaka chimenecho chimphepocho chinasasula madenga ku Mgona, ndipo bungwe lina la kunja linkafuna anthu odziwa kugwira hamala. Malume anga, amene ankalondera pageti pawo ku Kanengo, ananditchula kwa kapitawo, Bambo Chimbalanga. Ndinapita ndi sowo yobwereka, levulo ndi tepi.

Ntchito yake inali yosavuta: kuyala mitanda pakhoma, kuimanga ndi waya, kukhoma mapaso, kenako malata. Koma malatawo anawatsekera ku Kanengo, kudikira mzungu wa kwa eni thandizo kuti adzaone kaye mavutowo ndi maso ake. Ife tinkangokhoma matabwa n'kusiya nyumba zili pamtetete.

Mayi Nachisale, wamasiye wogulitsa makala, anali atafolera kale nyumba yawo ya zidina ndi pepala la pulasitiki, n'kutsindira ndi miyala.

"Wofolera yekha ndiye kuti sakuvutika, mayi," anatero Bambo Chimbalanga. "Mlendo akaona izi, malata muiwale."

"Koma bwana, uno ndi mwezi wa mvula."

"Akubwera mawa lomweli."

Mayiwo anatsitsa okha miyalayo. Pepala lija tinalikweza m'galimoto kuti lisaoneke pa zithunzi.

Mlendo sanabwere. Inabwera ndi mvula ya mvumbi, ija yosadziwa kukata. Zidina ndi dothi losawotcha, zikamwa madzi kuchokera pamwamba zimangosungunuka ngati sopo. Ndinathamangira kunyumba ya mayi aja masana nditanyamula masaka, koma ndinapeza khoma lakumbuyo litagwa, mitanda yanga ili m'matope. Mayi Nachisale anali ataima panja ndi ana awo atatu, mphasa ili pamutu. Sanalire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kulira.

Mlendo anafika sabata yotsatira. Anajambula bwinjalo mbali zonse, amayi a m'deralo akuimba nyimbo zothokoza, Mayi Nachisale akuwomba nawo m'manja. Madzulo ake kapitawo anauza Mayi Nachisale kuti lamulo la kunja likuti malata ndi a nyumba zokhala ndi makoma. Mayiwo anabwerera kwawo ku Dedza pa lole ya makala.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mpaka lero sindisasula denga la munthu ndisanagwire malata ake ndi dzanja langa. Koma ine ndine hamala imodzi chabe. Chimphepo chitabweranso chaka chotsatira, ndinadutsa ku Mgona ndi zida zanga. Palibe amene anafolera. Onse anali pakhonde, maso kumsewu.