Bala la Mabulosi

Mdzukulu wanga wabwera lero milomo ili bii ndi mabulosi, ndipo ndaseka ndekha mpaka kutsokomola.

Ndili kamtsikana ku Tembwe, nthawi ya atsamunda, mnzanga anabwera kuchokera kuchipatala mwendo atampaka mankhwala ofiirira. Tonse tinamusirira. Ine ndinkati chimene chimapoletsa bala ndi mtunduwo basi.

Tsiku lina ndinadzitema paphazi ndi nkhwangwa ya adada, imene anandiletsa kuigwira. Ndinabisala kuseri kwa nkhokwe, n'kufinyira mabulosi pabalapo mpaka phazi lonse linada.

Amama ataliona anagwira pakamwa. “Phazi la mwana lawola. Mupite naye kuchipatala manjemanje.”

“Kabala aka? Madzi amchere akwana,” anatero adada. “Nanga kumunda anyani awapirikitse ndani?”

Amama sanagonje. Ine sindinaulule za mabulosi, poopa nkhani ya nkhwangwa ija. Adada anandibereka kumsana tsiku lathunthu, thukuta lawo likundilowa m'kamwa.

Wachipatala anatsuka phazilo, lonse n'kuyera. Ananunkhiza thonje lake, n'kufunsa, “Bambo, kwanu mabulosi apsa kale?”

Anangondimanga kansanza koyera, mankhwala ofiirira aja osandipaka n'komwe. Zimenezo ndiye zinandiliza. Pobwerera ndinayenda ndi miyendo yanga, adada akukalipa njira yonse, ndipo tinapeza anyani atakolola chimanga chathu.

Ndinazindikira nditabereka anga ana kuti popita paja adada sanalankhule ngakhale liwu limodzi, chifukwa ankaganiza kuti mwana wawo akukadulidwa phazi.