Mabatire Amene Ndinayanika Padzuwa

Mwana wanga wamkazi anabwerako ku Lilongwe chimanga chitauma m'munda, patapita zaka zingapo chiyambire kuvotera zipani zambiri. Kumeneko ankagwira ntchito ya m'nyumba. Atayamba kudwaladwala, abwana ake anamukweza minibasi, ndipo achimwene anga, amalume ake, anakamutenga panjinga kumsewu. Mwa ana anga anayi, amene anakula ndi iye yekha. Bambo ake anali atatisiya kale.

M'chikwama mwake munali madiresi awiri, zitenje, sopo, ndi kanthu kena kotuwa, kotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Kumtunda kunali kagalasi, kumunsi mabatani achikasu. Iye ankakatchula kuti gemu. Ana a abwana ake anali atatopa nako, n'kumupatsa. Kankayendera mabatire awiri ang'onoang'ono, osati aakulu a wailesi aja.

Kanthuko ukakayatsa sikankayamba kusewera pomwepo. Kankayamba kakuonetsa chilembo ndi nambala, kuti usankhe masewera amene ukufuna. Ukadina batani lina chilembo chimasintha, ukadina lina nambala imakwera. Kutsogolo kwake kunalembedwa kuti muli masewera zikwizikwi. Nditamva zimenezo ndinagwira pakamwa.

"Zikwi? M'kanthu kosakwana ndi dzira la nkhuku lomwe?"

"Bodza, amayi," anatero akuseka. "Ndi masewera omweomwewo. Angosintha nsalu ngati anthu a zipani."

Iye ankasewera amodzi okha. Tinjerwa tinkagwa kuchokera kumwamba, iye n'kumatitembenuza kuti tikhale bwino pamzere. Mzere ukadzaza unkafufutika, ndipo nambala ya pambali inkakwera. Pamwamba pake panali nambala ina yosasuntha. Imeneyo inali yaikulu kuposa zonse zimene munthu anafikapo pamasewerawo.

Kagalasiko kanalibe nyali, choncho ankasewera masana okha. Kwathu kuno mwezi wa Juni kumazizira mpaka m'mafupa. Nkhungu ikachoka m'phiri ndinkamuyalira mkeka pakhonde pamene dzuwa limafika, n'kumufunditsa bulangete. Ine ndinkakhala pambali ndikutong'ola chimanga. Kanthu kaja kankangolira tii, tii, tii.

"Iwe, kamwanapiye kako kosocherako sikatopa?"

"Inu mwatopa liti ndi khasu? Tabwerani kuno ndikuphunzitseni."

"Ndisiye ine. Zala zanga n'zakumunda."

"Bwerani basi. Simusewera ayi, mungodziwa njira."

Anagwira chala changa chachikulu n'kuchiika pabatani. Dzanja lake linali lotentha, lopepuka ngati chitsononkho. Anati ndidine mpaka nditaona chilembo cha H, pamenepo ndiime, kenako ndidine linalo mpaka nambala ifike seveni. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma zilembo ndi manambala ndimaziona. Ndinapyola kawiri konse, iye n'kumaseka mpaka chifuwa chinamugwira.

"Amayi, mwapitirira pakhomo panu ngati woledzera!"

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye, ndili kuseri ndikupeta, ndinamva akukuwa. Ndinataya lichero poganiza kuti wagwa. Ndinamupeza atakhala tsonga, maso akuwala monga ankachitira ali wamng'ono.

"Taonani nambala iyi! Ana a abwana aja sanafikepo apa ngakhale kamodzi."

"Ndiye akupatsa chiyani?"

"Palibe. Koma ikhala pamwambapo mpaka wina adzandipose."

"Akupose ndani kuno?"

"Ndiye basi, ikhala mpaka kalekale."

Patangopita masabata awiri zala zake zinayamba kunjenjemera, tinjerwa tija n'kumangounjikana. Anakasiya pawindo. Tinapita naye kuchipatala kawiri. Anamwalira mu Ogasiti, nthawi ya mphepo, dzuwa lili pamutu.

Titameta, achimwene anagawa zovala zake kwa abale monga mwa mwambo. Atafika pa kanthu kaja anakatembenuza uku ndi uku.

"Ichi n'choseweretsa ana. Tipatse adzukulu akumtundawo."

"Achimwene, gawani zonse. Ichi chokha ndisiyireni."

"Muchita nacho chiyani, achemwali, munthu wamkulu?"

Anandiyang'ana pang'ono, n'kundipatsa.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndikatha kusesa, ndinkakhala pakhonde n'kukayatsa. Ndinkadina mpaka H, kenako mpaka seveni. Nambala yake inkatuluka pamwamba paja, monga anaisiyira. Sindinkasewera. Ndinkangoiyang'ana, n'kuzimitsa, n'kunyamula khasu. Chithunzi chake ndinalibe. Kalata sanandilemberepo, pakuti uthenga ankangotuma anthu. Madiresi ake ndinkawaona akuyenda m'mudzi atavala ena. Chimene anachita ndi manja ake, chimene chinatsala osasinthika, inali nambala imeneyo. Amayi anzanga a kumphakati wa tchalitchi sindinawauze. Akanati ndasiya korona n'kuyamba kupembedza pulasitiki.

Nambalayo sindinailembe pena paliponse. Ndinkati ndilemberenji chinthu chimene chili pomwepo tsiku ndi tsiku.

Mvula itayamba, chimanga chitamera, ndinaona kuti zilembo zayamba kuzilala. Kulira kwake kuja kunkatuluka mokoka ngati munthu wanjala. Kuti ndione nambala ndinkachita kupendeketsa kagalasiko. Ndinadziwa kuti ndi mabatire. Ang'onoang'ono otero ankapezeka ku Mayani, ndipo tsiku la msika linali kutali ndi masiku anayi. Ndinaopa kuti akatheratu, nambala ipita nawo.

Kwathu kuno aliyense amadziwa chochita mabatire a wailesi akafooka. Timawachotsa n'kuwayanika padzuwa, padenga kapena pamwala, ndipo madzulo wailesi imalankhulanso. Bambo a mwanayo ankatero zaka zonse. Ine ndinaona kuti ndi nzeru. M'mawa umenewo kunacha bwino. Ndinatsegula kachitseko ka kumbuyo ndi chikhadabo, ndinachotsa onse awiri, ndinawapukuta ndi chitenje, n'kuwaika pamwala wa pafupi ndi nkhokwe. Ndinawatchinga ndi timiyala kuti nkhuku zisawagubuduze. Kenako ndinapita kukapalira, mtima uli m'malo.

Nditabwerako anali otentha bwino. Nditawabwezera, kanthuko kanalira mwamphamvu, zilembo zili bii ngati zatsopano. Ndinaseka ndekha. Ndinadina mpaka H, ndinadina mpaka seveni.

Pamwamba paja panali maziro okhaokha.

Ndinati ndapyola, monga ndinkachitira. Ndinazimitsa, n'kuyambiranso. Maziro. Ndinayesa sikisi, ndinayesa eyiti. Kenako ndinakumbukira zikwi zija zolembedwa kutsogolo. Ndinaganiza kuti poti ndakasokoneza, nambala yasamukira pamasewera ena, ndipo ili penapake m'katimo, ikundidikira. Ndinangoyenera kuipeza.

Ndinayambira pa A. Wani, thuu, firii, mpaka manambala atathera n'kubwerera poyamba. Paliponse ndinkaima n'kuyang'ana pamwamba. Ndikamaliza chilembo ndinkachilemba ndi khala pakhoma kuti ndisabwereze. M'menemo ndinaona tigalimoto tothamanga, kanjoka kodya timadontho, tina towomberana, kenako tinjerwa, kenako tigalimoto tomwe tija titangotembenuzidwa. Mwana wanga sananame, anali omweomwewo. Koma ndinkaopa kudumpha ngakhale amodzi, kuti mwina ndi pomwepo. Mabatire akafooka ndinkawayanikanso, pakuti sindinkadziwa kuti vuto linali limenelo. Tsiku la msika linadutsa, linanso linadutsa. Dzuwa ndi lomwe ndinkaonera kagalasiko, ndipo dzuwa lomwelo ndi la kumunda.

Achimwene anabwera akuchokera kudimba, matope ali m'miyendo.

"Achemwali, mwapitako kumunda kwanu kuja? Chimanga chafiira m'udzu. Anzanu ayamba kubandira, inu muli pakhonde ndi tii tii. Mudya zimenezo?"

"Ndatsala pang'ono, achimwene."

"Pang'ono kutani?"

Anaona zilembo za makala pakhoma paja. Sanafunsenso. Mawa lake anatuma akazi awo, alamu anga, kudzandipalirira mizere ya kumunsi, koma munda wonse sakanautha, nawonso anali ndi wawo.

Nditamaliza chilembo chotsiriza, ndinamanga kanthuko pansonga ya chitenje n'kupita ku Mayani. Pakhonde la sitolo ina pankakhala bambo wina wokonza mawailesi ndi mawotchi. Patebulo pake panali togulitsa tina tonga kanga, tili m'mapepala owala. Ndinagwada pambali n'kumufotokozera kuti munali nambala pa H seveni, ndiye yasowa.

"Mayi, munachotsapo mabatire?"

"Ndinangowayanika."

"Onse awiri? Tsiku lonse?"

"Kuyambira m'mawa mpaka pobwera kumunda."

Anavula magalasi ake n'kupukusa mutu.

"Aa, mayi, iyi si wailesi. Wailesi mawu amachokera kutali. Aka kamakumbukira ndi moto wa batire womwewo. Mukachotsa, kaiwala zonse."

"Ndiye sili kwina m'katimu?"

"Kulibe kwina. Yapita."

"Nanga ndikanagula atsopano?"

"Posintha muchotsabe. Ena amati ukachita changu, limodzilimodzi, nthawi zina imatsala. Sindikulonjezani, koma ena amatero." Anandibwezera. "Inali ya ndani nambalayo?"

"Ya mwana wanga."

"Basitu! Mukamuuze asiye kulira, asewerenso. Ana a masiku ano zala zawo n'zamoto, afikanso mawa lomwe."

Kenako anakweza maso, anaona duku lakuda ndi tsitsi lomwe linali lisanamere bwino m'mbali.

"Pepani, mayi. Pakamwa panga pandithamangira." Anaganiza pang'ono. "Tatiuzani nambalayo. Masewera a njerwawo ndimawatha. Ndikhoza kuyesa kufikitsa pomwepo, n'kulekera dala."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Inkayamba ndi folo. Inkathera ndi maziro awiri. Pakati panali manambala awiri, ndipo ndinali nditawayang'ana m'mawa uliwonse kwa miyezi itatu, koma sanabwere. Ndinayesa seveni ndi firii, ndinayesa firii ndi seveni. Zonse zinkaoneka zoona, zonse zinkaoneka zabodza. Ndipo ngakhale ndikanakumbukira, zikanakhala zala za bambo uja.

"Zikomo, bambo. Ingosiyani."

Pamenepo panali mayi wina wobereka mwana, atanyamula kamodzi mwa togulitsa tija. Nkhani yathu sanaimve yonse. Anandigwira pamkono.

"Amayi, inu muli nako. N'kabwino? Kunyumba andivuta kuti ndigule, akuti muli masewera zikwi."

"Zikwizo musamvere. Ndalowamo monse ine, amodziamodzi. Ndi masewera ochepa, enawo n'kungokuzunguzani posankha. Kusangalala asangalala nako, wanga ankaseka nako ali wodwala. Koma sikasunga kanthu. Musadzaikemo mtima."

Wogulitsa uja sanatsutse. Kaya mayiyo anagula, sindinacheuke.

Chaka chimenecho ndinakolola madengu ochepa, nkhokwe inafika m'chiuno. Pofika Okutobala ndinkadyera kwa achimwene. Alamu anga sananditonzepo, koma mbale yolandira imalemera.

Kanthuko ndikadali nako, kali m'sutikesi pansi pa nsalu ya kutchalitchi, kopanda mabatire. Khoma lija tinalizira, zilembo zinakwiririka. Kwa nthawi yaitali, ndikakhala pakhonde, ndinkatola kamtengo n'kulemba pansi folo, kenako maziro awiri chapatali, n'kusiya mpata pakati. Ndinkayesamo awa, n'kufufuta ndi phazi, n'kuyesamo ena. Mwina tsiku lina ndinalemba yeniyeniyo, n'kuifufutanso osadziwa.