Almerinda ndi Nyimbo ya M'nkhungu

Almerinda Domingues anayamba kuvala zakuda mwamuna wake akadali moyo. Ndi mmene zinkakhalira kwathu ku Castro Laboreiro, mudzi wa paphiri pafupi ndi malire a dziko: mwamuna akangodutsa malire kukagwira ntchito ya zomangamanga ku France, mkazi ankapinda zovala zake zamaluwa n'kuvala ngati namfedwa. Ndipo wovala zakuda saimba. Palibe wansembe amene analamula zimenezo, koma amayi a m'mudzi ankaopedwa kuposa wansembe.

Tsono Almerinda ndiye anali katswiri woimba. Ali mtsikana ankadyetsa ng'ombe pachipululu cha pamwamba pa phiri paja, pomwe palibe mtengo koma tchire lolekeza m'mawondo, miyala ndi madambo. Atsikana odyetsa ng'ombe anali ndi nyimbo yawo ya m'nkhungu. Nkhungu ikatsika, moti osaona ngakhale nyanga za ng'ombe yako, mmodzi ankaimba ndime, mnzake n'kuyankha ali kwinako, monyogodolana, mpaka atapezana. Almerinda ndiye ankayambitsa, ndipo womuyankha anali Isalina, amene anadzakhala mlamu wake atakwatiwa ndi mchimwene wa Isalinayo, dzina lake Adelino.

Adelino anali munthu wabwino, kungoti sankakhalitsa. Ankabwera mu Ogasiti, kukonza denga, kusiya mimba, n'kubwerera. Atakalamba anabweradi kudzakhazikika, koma chifuwa chodzaza fumbi la simenti chinamutenga posakhalitsa. Zakuda zodikirira zija zinangosanduka zamaliro, osasintha n'komwe nsalu.

Zaka zonsezo Almerinda ankasamuka yekha ndi ana, monga mwa mwambo wathu: chisanu chikatha, kuchoka kumudzi wa kuchigwa kukwera kumudzi wa kumtunda, ng'ombe, nkhumba, miphika, mphaka ndi yemwe, chisanu chikayandikira, kutsikanso. Nyimboyo sinamuchoke. Ankaiimba chamumtima akamadutsa pachipululupo, milomo ili chitsekere. Munthu amene Almerinda ankamuopa kwambiri anali Isalina, amenenso anali m'zakuda, mayi wolankhula mosapsatira, wonyadira dzina la kwawo.

Mwana wamkazi wa Almerinda, Graciete, atatopa ndi France anabwerera kumudzi n'kuyamba kuyendetsa alendo a m'tauni m'njira yakale yosamukira ija, akuwauza nthano za malowo, bambo wina dzina lake Horácio akuwaimbira akodiyoni, limba lija lokoka ndi kufinya ndi manja. Graciete anali atatolera nyimbo zambiri kwa okalamba, koma ya m'nkhungu oidziwa anali atatsala awiri okha.

"Amayi, ndime imodzi yokha," anachonderera tsiku lina. "Titseka chitseko, palibe amve."

"Iwe, bambo ako ali kumanda, ine ndiziimba ngati namwali wosaka banja? Azakhali ako akamva ndilowera kuti?"

"Azakhali ndawafunsa. Akuti kafunse mayi ako, ndi amene amayamba."

"Waona? Akufuna andikole."

"Ndiye mupita nayo kumanda?"

Almerinda anangosonkhezera moto. Funsolo linamupweteka, chifukwa ndi limene linkamudya mumtima. Sankafuna kuti nyimboyo ife naye, komanso sankafuna kuti mlamu wake adzanene kuti wanyoza malemu.

Pa ulendo woyamba wa chaka chimenecho, Almerinda ndi Isalina anatsatira gulu la alendo, aliyense ndi ndodo yake. Ankati akupita kukaonetsetsa kuti Graciete asanamize anthu. Ndipo anamugwiradi kangapo. Pa dzenje lamiyala lomwe makolo ankakoleramo mimbulu, Graciete anati mmbulu womaliza anaupha ndi agogo ake.

"Bodza!" anatero Isalina. "Atate aja anakwera pakhoma, chipewa n'kugwera m'dzenjemo. Anaupha ndi wina."

Pa manda akale a miyala ikuluikulu, pomwe amati mkazi wamizimu amapesa tsitsi lake akulondera golide, mlendo wina anafunsa Almerinda ngati anamuonapo.

"Ine ndinkadutsa pano nditasenza khofi wozembetsa kupita naye kutsidya ku Galicia, apolisi a pamalire ali kumbuyo," anayankha. "Nthawi yoonerera anthu opesa tsitsi ndinalibe."

Alendo anafa nacho chiseko. Horácio anayambitsa nyimbo yovina, ndipo Almerinda anangoyang'ana pansi, akuluma mlomo.

Dzuwa lili paliwombo, nkhungu inatsika mwadzidzidzi monga imachitira pamenepo. Graciete anasonkhanitsa anthu pa mulu wa miyala wosonyeza njira, n'kupeza kuti Isalina palibe. Anakuwa: "Azakhali! Azakhali!" Kunali zii. Horácio analiza akodiyoni mwamphamvu, koma kunalibe yankho. Chakumanzere kwa njirayo kuli dambo lomwe linamezapo ng'ombe yathunthu, ndipo Isalina maso anali atayamba kumuvuta.

Almerinda anagwidwa ndi mantha enieni. Ankadziwa kuti mfuu imafera pafupi m'nkhungu, koma mawu ataliatali okwera a nyimbo ija amaboola. Anayang'ana chofunda chake chakuda, anayang'ana kudambo kuja, n'kutsegula pakamwa. Poyamba panangotuluka kamawu kosasa. Anatsokomola, nayambanso:

"Mnzanga uli kuti, nkhungu yatiphimba,
ng'ombe zanga zaima pamwala wopendekeka,
ngati wagona dzuka, ngati wafa nena!"

Kenaka yankho linabwera, osati kudambo ayi, koma pafupi pomwepo:

"Ndili pano, mlesi iwe, mawu achita dzimbiri,
ng'ombe zako zathawa, zakumva ukuimba!"

Anamupeza Isalina atakhala kuseri kwa thanthwe, miyendo atatambasula, akudya buledi wakuda ndi nyama ya nkhumba yowamba.

"Alamu!" anakalipa Almerinda. "Ife mitima ili m'mwamba, inu muli phee kudya buledi?"

"Ine kusochera pano? Ndinabadwira m'ngolo panjira yomwe ino. Ndimafuna ndione ngati mundisiye ndife kapena mutsegule pakamwapo."

"Nkhalamba yopanda manyazi! Ine zaka zonsezi ndimaopa inu."

"Ine ndimadikira inu. Woyankha sayamba, mwaiwala?"

Almerinda anakhala pansi pambali pake.

"Nanga anthu anena chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Anthu ake ati? Amene akanatinena aja onse ali kumanda. Akuluakulu a mudzi uno tsopano ndi ife, ndiye tikalola ife, akane ndani?" Isalina ananyema buledi n'kumupatsa. "Achimwene aja ankasiya nkhosa n'kumabisala m'miyala muno kuti akumveni mukuimba. Ankandinyengerera ndi maswiti kuti ndizichedwa kuyankha, inu muzibwereza. Mukuganiza kuti anakukonderani kuphika? Msuzi wanu wa kabichi tonse timaudziwa."

Almerinda anaseka, kenaka analira. Analirira Adelino, analiriranso zaka zonse zomwe iye ndi mlamu wake anakhala moyandikana makomo, aliyense akudikira mnzake. Koma mtima unapepuka kuposa mmene unapepukirapo chikwatiwire. Alendo aja, posadziwa kuti atani, anayamba kumanga zingwe za nsapato zomanga kale.

Graciete anali atatulutsa foni kuti ajambule mawu. Mayi ake anapukuta misozi n'kumuloza ndi ndodo.

"Bweza chimenecho m'thumba. Pita uko, tsata njira, ukaime pomwe sitikukuona. Nyimboyi saphunzirira pafupi."

"Amayi, ine mawu ake sindikuwadziwa."

"Wamva mmene azakhali ako andinyozera? Uzindinyoza choncho, zinazo zibwera zokha. Ndiponso kunyoza umatha."

Graciete anayenda mpaka nkhungu inamubisa. Almerinda anaimirira, anakoka mpweya, naimba ndime yachiwiri, mawu tsopano atayamba kumasuka. Anadikira. Patapita kanthawi, m'nkhungumo munatuluka mawu onjenjemera, okwera pomwe anayenera kutsika, akunena kuti ng'ombe za amayi n'zowonda ngati mwini wake.

"Wasokoneza," anatero Isalina.

"Musiyeni," anatero Almerinda. "Wayankha."