Galimoto ya Atate Imalira

Ndiyambe ndi chimene ndakhala ndikubisa. Galimoto ya atate imalira. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti inafa kalekale, kuti yangotsala yoikiramo mazira nkhuku. Koma inalira chaka chino m'nyengo yozizira, ndipo anailiza ndine, mwana ali kumbuyo.

Ndi pikapu yakale yobiriwira, imene atate anaisiya pa njerwa m'chisakasa cha kuseri kwa nyumba. Atate ankakonda kuikonza kuposa kuiyendetsa. Lamlungu tikachoka kutchalitchi ankatsegula boneti ngakhale palibe chavuta, ine n'kumawapatsira masipanala. Ndinadziwa kabuleta ndisanadziwe kupeta. Atamwalira, ana a alongo awo anabwera kuchokera ku Mlolo kudzatenga katundu monga mwa mwambo. Anatenga njinga, ngolo ndi ng'ombe zomwe. Galimoto anaikankha, anaigogoda, inakana. Wamkulu wa iwo anapukuta manja nati, "Isiyeni. Ikadzadzuka tidzamva, si patali." Ndikudziwa kuti lamulo limanena zina pa katundu wa masiye, koma amayi sangakwere basi kupita kukhoti kukalimbana ndi abale a amuna awo chifukwa cha chitsulo. A ku Mlolowo akabweranso, adzaitenga basi.

Ine ndili ndi satifiketi ya uphunzitsi wa ana aang'ono, ya ku koleji ku Chipata. Ntchito sindinaipezebe. Ndinakwatiwa, amuna anga anadzamanga kwathu kuno cha ku Zingalume ngati mkamwini, ndipo amagula nsawa m'midzi n'kukagulitsa. Mwana atabadwa ndinasanduka munthu wina. Ndinkati ndikamugoneka, ndabweranso kudzaika chala pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma. Ndinkawerenga za matenda a ana pafoni mpaka mutu kuwawa. Malo okha amene ndinkapezako mtendere ndi m'chisakasa muja.

Ndinayamba ngati kusesa chabe. Makoswe anali atadya mawaya n'kumanga chisa mosefera mpweya. Ndinachotsa kabuleta n'kuitsuka ndi petulo m'chigubu chodula pakati, ndi mswachi wakale. Mapulagi ndinawapala mpaka anayera. Pakakhala chimene sindikuchidziwa ndinkakwera pachulu, pamene pamagwira netiweki, n'kuonera mmene ena amachitira. Amuna anga ankadziwa kuti ndimaseweretsa galimotoyo, ndipo zinkawaseketsa. Ankanditcha amakanika. Anandibweretseranso lamba wa injini atamubisa m'thumba la sopo. Koma sankakhulupirira kuti ingadzalire, ankangoti bola ndikupeza chochita.

Amayi sindinawauze. Akanati mkazi woyamwitsa sagona pansi pa galimoto, ndipo amayi akamva kanthu m'mawa, masana kafika ku Mlolo. Choncho mipata yonse ya chisakasa ndinaitseka ndi masaka. Poyesa injini ndinkadikira chigayo cha pafupi nafe chiyambe kulira, chifukwa chikalira chimenecho ngakhale oyandikana amalankhulana ndi manja.

Tsiku limenelo amayi anali kudimba, amuna anga anali ku Chipata ndi nsawa. Mwana ankalira ndikamuika pansi, ndiye ndinamubereka. Ndinatenga batire la sola, kulumikiza, kuthira petulo pang'ono pakamwa pa kabuleta monga ankachitira atate, n'kupotokola kiyi. Inatsokomola, inakhala chete, inatsokomolanso, kenako inagwira. Chiwongolero chinayamba kunjenjemera m'manja mwanga. Sindidziwa kuti ndifotokoze bwanji. Ndinaseka, ndinalira, ndinatuluka kukasintha kasikuluwu kuti ilire mosadumphadumpha. Utsi unadzaza m'chisakasa, maso anayamba kundiwawa, koma sindinafune kuizimitsa. Ndinkaopa kuti ndikazimitsa siidzaliranso. Mwana anali zii kumbuyo, ine n'kumati wagona bwino. Ndinaizimitsa chigayo chitasiya kulira.

M'mawa mwake amuna anga anafika, atachedwa kuposa mmene ananenera. Anati lole inawonongeka panjira. Anamunyamula mwana, kumuponya m'mwamba, kumupsompsona. Pofika madzulo mwana anayamba kutsokomola. Kutacha anakana bere, ndipo akamapuma nthiti zinkalowa mkati.

Tinathamanga naye kukiliniki panjinga ya amuna anga. Anesi anamuyeza nati chibayo chikuyamba, ana ambiri akubwera nacho chifukwa cha kuzizira ndi fumbi. Kenako anandifunsa, "Mayi, mumaphikira m'nyumba? Mwanayu sakhala pa utsi?"

"Timaphikira panja," ndinayankha. Zinali zoona. Timaphikiradi panja.

Titabwerera kunyumba tinapeza amayi atayamba kale kuwerengera zawo. Mwana anali asanatengedwe. Kwathu mwana akabadwa, bambo ndi mayi amagona kosiyana mpaka akuluakulu atachita mwambo womulowetsa kumphasa. Bambo akayenda ndi mkazi wina nthawi imeneyo n'kubwera kudzagwira mwana, amati wamusempha, ndipo mwana amadwala tsempho. Amayi anamugwira mwana mapazi nati atupa. Ine ndinkaona mapazi ake onenepa a masiku onse, koma nditayang'anitsitsa ndinayamba kuona ngati atupadi.

Anaitana amalume, amene ndi ankhoswe anga. Tinakhala pakhonde. Amayi anakhala cham'mbali atafulatira, poti sayang'anana maso ndi mkamwini wawo.

"Mkamwini, sitikukuzengani mlandu," anayamba amalume. "Tikufunsa chabe, poti mwana ndi wathu tonse. Ku ulendo kuja munkagona kuti?"

"Pa lole, amalume. Pamwamba pa matumba."

"Nokha?"

"Ndi matumba."

"Matumba sasempha mwana," anatero amayi, akulankhula ndi khoma.

Amalume anakanda ndevu. "Ife tinayendako ku Chipata. Kumazizira. Munthu ukaterereka umangonena, akulu akonza, zatha. Choipa n'kuumira mwana akubanika."

Amuna anga anandiyang'ana kamodzi. Sikuti ankadziwa za utsi, ayi. Ankangofuna kuti mkazi wawo anene kuti amawakhulupirira. Ine ndinali ndi mawu okwanira m'kamwa. Ndikanangoti, amalume, dikirani, mwanayu ndinamufukiza ndine. Koma ndinaona anthu a ku Mlolo akubwera ndi ng'ombe zathu zomwe zija kudzakoka galimoto. Ndinaonanso amayi akuuza anzawo kuti mwana wawo wophunzira, amene anaphunzira kusamala ana a eni, anatsekera wake mu utsi. Ndinayamba kukonza chipewa cha mwana, chimene chinali bwinobwino.

Amayi anabweretsa kapu ya mankhwala a mizu ndi mchere pa kambale. Mwambo wake ngwakuti wolakwayo ndiye amathira mchere m'mankhwalawo ndi dzanja lake n'kumwetsa mwana. Ukathira, wavomera. Amuna anga anayang'ana mwana, amene ankapuma ngati wathamanga mtunda. Anatsina mchere, anathira, anamudonthezera pakamwa. Sanatsutse ngakhale pang'ono.

Mwana anachira. Ankamwa mankhwala a kukiliniki m'mawa ndi madzulo, a amayi masana, ndiye musandifunse amene anamuchiritsa. Musandifunsenso chimene chinamudwalitsa. Ana a nyumba zina ankatsokomolanso mwezi umenewo, ndipo kwawo kulibe galimoto.

Chimene sichinachire ndi dzina la amuna anga. Msuweni wanga akawaona amakuwa ali patali, "Alamu, ulendo wina mutitengeko, tikaone nawo matumba a ku Chipata. Akuti ena amavala mawigi." Iwo amaseka nawo, koma akalowa m'nyumba amakhala pamphasa osavula nsapato. Kumjigo amayi anzanga amandipatsa malo kutsogolo ngati wofedwa. "Pirirani, anzathu, amuna ndi choncho." Amayi anayamba chizolowezi chakuti mkamwini akachoka ku ulendo, mwana amamutenga okha n'kupita naye kwawo mpaka kutacha.

Ndinapirira mpaka tsiku lina tikusenda nsawa awiriwiri padzuwa. Ndinawauza zonse, za masaka, za chigayo, za utsi. Anapitiriza kusenda.

"Ndiye inalira?"

"Inalira."

"Galimoto ija?"

"Bambo a mwana, mwamva zimene ndanenazi? Ndikuti mwana ndinamudwalitsa ndine."

"Ndamva. Mwina ndinu, mwina ndi mphepo."

"Nanga munathiriranji mchere?"

"Mwana akubanika, inu mumafuna ndiyambe kuitanitsa mboni?"

"Ndikawauza amayi."

"Mukawauze kuti atani? Mchere ukalowa m'madzi satola."

Kenako funso limene sindinalikonzekere linatuluka lokha. "Koma ku Chipata kuja simunachite kanthu, eti?"

Anaika pansi nsawa. "Tsiku lija pakhonde munakhala chete. Lero ndiye mwapeza pakamwa?"

Anadzuka n'kupita kukaona mbuzi. Sanati inde, sanati ayi. Mpaka lero sindidziwa ngati limenelo linali yankho la munthu wopwetekedwa kapena la munthu wozemba. Tsiku lina ndimati munthu wosalakwa akanakana, akanaitana abale ake. Tsiku lina ndimati munthu wosalakwa amene amakonda mwana wake akanachita ndendende zimene anachitazo. Ndipo ndimadzigwira ndikulakalaka kuti akhale kuti analakwadi, kuti ine ndipepukidwe. Mkazi wanji amene amalakalaka zotero?

Amuna anga anandiletsa, koma ndinapitabe kwa amayi. Ndinawapeza akupeta mphale m'mawa. Ndinagwada n'kunena zonse, ndikulira ngati kamwana. Anamvetsera mpaka kumapeto lichero lili m'manja.

"Wakutuma ndi iyeyo?"

"Sanditume, amayi. Wandiletsa."

"Iwe, galimoto imene inakanika amuna a ndevu, ukailize iwe ndi mswachi? Ine ndimakhala pompano. Ndikanaimva."

"Chigayo chinkalira."

"Chigayo." Anaseka pang'ono. "Mwana wanga, nanenso atate ako ndinkawaikira kumbuyo. Ndinanamapo mabodza oposa limeneli. Koma poti wanena, tiye. Ukailize ndimve. Ikalira ndipita ndekha kwa amalume ako, ndikagwada pamaso pa mkamwini, ndikapepesa ndi nkhuku."

Mwana tinamusiya ndi mng'ono wanga. Ndinachotsa masaka onse, kuwala kunalowa. Amayi anaima pakhomo atagwira m'chiuno. Ndinalumikiza batire, ndinalowa, ndinapotokola kiyi. Inangoti kha. Ndinapotokolanso. Kha.

Ndinatuluka kukayang'ana mu boneti, ndipo ndinachiona nthawi yomweyo. Waya wochoka ku batire kupita ku chitsulo cha galimoto anali atakhwepa, pomangira pake pali dzimbiri. Ndi vuto limene munthu amalikonza madzi a tiyi asanawire. Kupala, kumanga, basi. Sipanala yake inali pomwepo pamwamba pa ledieta, ndikanangotambasula dzanja.

"Yavuta pati, amakanika?" anafunsa amayi. Sindidziwa kuti dzinalo analimva kwa ndani.

Ndinayang'ana waya uja. Ndinaganiza kuti ikalira pano, chigayo chili chete, mudzi wonse ubwera kudzaona. Ndinaganiza za amuna anga akunyamula mwana wawo pobwera ku ulendo popanda womulanda. Zonse ziwiri ndinaziona bwinobwino, sindinganame kuti ndinasokonezeka. Kapena ndinasokonezekadi, sindikudziwa. Ndinamva pakamwa panga pakuti, "Kaya, amayi. Mwina batire latha."

Amayi anabwera n'kundisisita pamsana, chinthu chimene sanachitepo chibadwire mwana. "Usadzivute. Mwamuna wako ndi wabwino, anangoterereka. Ukamamuteteza chonchi adzazolowera." Anabwerera ku mphale yawo.

Amuna anga nditawauza kuti ndinayesa koma inakana, anangoti, "Ndinakuuzani kuti muzisiye." Za waya sindinawauze. Iwo akuganiza kuti ndinachita zonse zimene ndikanatha, ndipo chiyambire tsiku limenelo akundikomera mtima kuposa kale. Dzulo anandifunsa ngati pali china chofunika ku galimoto choti akandigulire ku boma.

Ndimadziuza kuti eni ake anati ndizisiye. Ndimadziuza kuti ngakhale ikanalira, anthu akanati galimoto ndi galimoto, tsempho ndi tsempho, mchere anathira yekha. Ndimadziuzanso kuti zoona ndinanena, kukana kukhulupirira ndi kwa amayi. Zonsezi zimagwira mpaka msuweni wanga atadutsa pamsewu n'kuyamba kukuwa za matumba.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka amayi anzanga, ndiuzeni. Ndinalakwa kusiya waya uja osamanga, pamene mwini dzina anati nkhaniyo ithe? Kapena ndidzuke mawa, ndiitane amayi ndi amalume, ndimange?