A Jaji ndi Kanema wa Lachitatu

Ndinawaona koyamba pa kazenera kogulitsira matikiti, Lachitatu lina masana, ndili ndi milungu itatu yokha pantchito. Kanema anali asanathe, m'holomo mukumvekabe nyimbo, pamene bambo wina wamtali, woonda ngati bango, wovala jekete dzuwa likuswa mtengo, anagogoda pagalasi ndi chikhadabo.

"Achemwali, mwatibera."

"Takuberani chiyani, bambo?"

"Mphindi khumi ndi imodzi."

Anasolola wotchi ya tcheni m'thumba n'kuiika patsogolo panga ngati umboni wa kukhoti. "Mtsikana uja akalandira kalata pasiteshoni pamakhala nyimbo. Nyimbo ikatha imagwa mvula, kenako mayi ake amadwala. Lero walandira kalata, ine kungophethira kamodzi, mayi ake ali kale m'manda. Amwalira ndi chiyani?"

Sankanama. Woonetsa kanema wathu akakhala ndi kwina kothamangira ankadumpha mpukutu umodzi wa pakati pa filimu, amvekere amayi obwera Lachitatu, tsiku la mafilimu achikondi, amalira ndi chilichonse, sangazindikire. Koma ine, ndi chibwana changa cha nthawi imeneyo, m'malo mopepesa ndinafunsa kuti, "Inuyo filimu imeneyi mwaionera kangati?"

Bambo aja anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, n'kubweza wotchi m'thumba.

"Kasanu ndi kamodzi," anatero chapansipansi. "Koma mlandu suli pamenepo. Ndipo achemwali, ine simunandione."

Panapita masiku ndisanadziwe kuti amene ndinawafunsa funso lachipongwe lija anali a Jaji. Ntchito yawo inali yokonza mawotchi. Anali ndi kathebulo ka galasi pakhonde la sitolo ya nsalu, mkati mwake muli timabotolo ta tizitsulo tating'ono ngati mchenga, ndipo kutsogolo kwake kunali benchi. Benchi limenelo ndilo linawapatsa dzina. Lolemba lililonse m'mawa, amuna onse amene anaonera kanema Loweruka ankasonkhana pamenepo kudzamva chigamulo.

Kagamulidwe kawo kanali kawokawo. Ankati filimu yabwino ndi imene imakuiwalitsa nthawi, choncho ankawerenga kuti ayang'ana kangati pa wotchi yawo filimuyo ili mkati. Akati, "Ndinayang'ana kawiri," ndiye kuti ndi yopiririka. Akati, "Kasanu ndi kawiri, ndipo ndinaitcheranso," filimu imeneyo yafa, Lolemba lomwelo ine matikiti ndinkangowaingitsira ntchentche. M'moyo wawo wonse inalipo imodzi yokha imene anavomera pagulu kuti sanayang'ane n'kamodzi komwe, ya asilikali atatu otayika m'chipululu ndi botolo limodzi la madzi.

Pa benchipo panali awiri osajomba. A Telala, amene makina awo anali pakhonde lomwelo, ankakonda mafilimu a akazitape, osati chifukwa cha mfuti koma masuti. Ukawafunsa kuti filimu inatha bwanji sankadziwa, koma kolala ya mkulu wa zigawenga ankatha kukujambulira ndi choko. A Kondakitala, wa basi ya m'tauni, awo zawo zinali zibakera ndi magalimoto othamangitsana. M'holo ankakuwa, "Ponda buleki, iwe! Upha anthu!" mpaka oyandikana nawo kusamuka.

"Munthu mmodzi kumenya anthu makumi awiri," a Telala ankawaputa dala, "malaya osang'ambika. Anasoka ndani malaya amenewo?"

"Inu mumapita kukaonera kanema kapena kukaba masitayilo?"

"Chete m'khoti," ankatero a Jaji, kagalasi kali padiso, osadzutsa n'komwe mutu.

Koma pakatchulidwa mafilimu achikondi, aja oimbaimba ndi kuvina, a Jaji ankachotsa kagalasi kaja n'kumanga tsinya. "Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kuthamangitsana ndi mkazi mozungulira mtengo, uku akuimba! Kuntchito amapita nthawi yanji? Amenewo si mafilimu, ndi maliro olipiritsa pakhomo." Tsiku lina zinamveka kuti a Kondakitala, ali pachibwenzi, anaperekeza bwenzi lawo ku filimu yotere ndipo anatuluka maso ali psuu. A Jaji anawapatsa dzina loti a Misozi, ndipo linawakanirira chaka chathunthu, mpaka okwera basi ankawaitana choncho.

Ndiye mukuona pamene panali vuto. Munthu amene anaseka mnzake chotero sakanalola kuti apezeke ali yemweyo.

Lachitatu lililonse, nthawi ikamakwana 2 koloko, ankakhoma kathebulo kaja n'kupachika kapepala kakuti apita kukagula zipangizo. Ankazungulira njira ya kuseri, ya kumene ankatayako makatoni, n'kutulukira pazenera panga anthu onse atalowa.

"Tikiti imodzi. Ndi ya mlongo wanga."

Mlongo analibe, anabadwa amuna okhaokha anayi. Ine ndinkang'amba tikiti ya mlongoyo mwaulemu wonse. Ankadikira magetsi azime, n'kulowa monyang'ama, n'kukhala mpando wa kumapeto, wa pafupi ndi chitseko. Ndipo magetsi asanayakenso ankakhala atatuluka kale, kuopa kuti amayi a m'misika angawaone. Mawotchi awo anali olondola moti ankadziwa mphindi yeniyeni yonyamukira.

Mtengo wake unali wakuti mathero a mafilimu amene ankawakonda koposa sankawaona. Choncho Lachinayi m'mawa ankatulukira ndi kachikwama ka zida.

"Achemwali, wotchi yanu ya pakhomayi ikuchedwa."

Ankakwera pampando, n'kutsegula wotchi imene inalibe vuto lililonse, ndipo nkhope ili kukhoma ankafunsa, "Anakwatirana?"

"Anakwatirana. Bambo ake a mtsikana uja anafika sitima itayamba kale kuyenda."

"Anamukhululukira?"

"Anamukhululukira."

Ankapuma mpweya wautali, n'kutseka wotchi ija. "Zachibwana," ankatero potsika. Ndikhulupirira kuti m'tauni monse munalibe wotchi yokonzedwa kawirikawiri ngati imeneyo.

Ine ndinasunga pakamwa panga. Ndinakwatiwa, ndinabereka, bambo a kunyumba kwanga anapita kumanda osadziwa kanthu. Koma chinsinsi sichinali cha awiri okha ayi. Chaka china, Lachitatu lina kanema ali mkati, panabwera mayi wina wamfupi, wojintcha, atamanga nsalu m'chiuno ngati wobwera kunkhondo. Anati ndi akazi awo a a Jaji.

"Mundiuze zoona, mwana wa mnzanga. Mipango yawo ndimachapa ndine. Lachitatu lililonse mpango umabwera wonyowa. Ndani mkazi amene amawaliza amuna anga?"

Ndinangotseka zenera, n'kuwagwira dzanja, n'kukawasuzumiritsa pa katani ya pakhomo. Pachinsalu panali mkwatibwi akutsanzikana ndi ang'ono ake. Pampando wa kumapeto panali a Jaji, mapewa akugwedezeka, mpango uli kumaso.

Mayi aja anabwerera chafutambuyo, dzanja lili pakamwa, mpaka kukafika panja. Kumeneko ndiko anakaphulika. Anaseka mpaka kukhala pansi pa masitepe, misozi nawonso ili chuchuchu.

"Ine kusagona milungu yonseyi! Ine kuonda!" Sanaonde n'pang'ono pomwe. Atapuma anandigwira pamkono. "Musawauze kuti ndaona. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Asiyeni azilira, kunyumba amabwera ofatsa."

Kuyambira pamenepo, Lachitatu m'mawa ankawaikira mipango iwiri m'jekete, yositasita, osanena kanthu. Ngati a Jaji anazindikira, nawonso sananene.

Zaka zinapita monga zimapitira. Holo ija inatsekedwa, inasanduka mosungira matumba a simenti. Anthu anayamba kuonera mafilimu m'nyumba zawo. Kenako anayamba kuyang'ana nthawi pa foni, ndipo kathebulo ka galasi kanatsala ndi mawotchi a anthu amene anaiwala kudzatenga. Benchi lokha silinathe msanga. Nkhalamba zitatu zija zinkakhalabe pamenepo, kukangana za mafilimu amene ena onse anaiwala kalekale, a Jaji akugamulabe, akunyozabe zoimbaimba ndi mphamvu zomwe zija. Ndinawafunsapo tsiku lina kuti kodi sakutopa.

"Achemwali, munthu ukanama zaka makumi atatu, bodza limasanduka nyumba. Ukaligwetsa ugona kuti?"

Akazi awo atamwalira, miyendo inayamba kuwavuta ndipo manja ankanjenjemera moti sakanathanso kugwira kasikuluu. Mwana wawo wamkazi, namwino, anawatenga kukakhala nawo. Nyumbayo inali pafupi ndi kwathu, ndipo poti namwinoyo ankakhala kuntchito masana onse, ine ndinkapita kukawachezetsa. Pa TV pankaonetsedwa sewero lina la tsiku ndi tsiku, 3 koloko masana, la banja lolemera lodzaza ndi zinsinsi, misozi yake yochita kutunga ndi ndowa. Limenelo linali lathu awiri. Anzawo aja ankabwera Lamlungu lokha, ndipo tsiku limenelo pa TV pankakhala nkhondo, ndege zikugwa.

Chaka chotsatira ndicho anatisiya. Koma zimene ndikufuna kunena zinachitika iwo adakali ndi mawu awo onse.

Tsoka silinunkha. Linali tsiku lotentha, chitseko tinachisiya chotsegula. Ine ndinali kukhitchini ndikuthira tiyi, ndipo rimoti, mwa kuiwala kwa ukalamba, ndinali nditapita nayo komweko m'thumba la diresi. Ndinangomva ndodo ziwiri pakhonde ndi mawu a a Kondakitala.

"Odi kuno! Timachokera kuchipatala kokayezetsa maso, ndiye tati tidzere ku khoti!"

Ndinathamanga mmene nkhalamba ingathamangire, koma ndinapeza atalowa kale. Aima pakati pa balaza, a Telala kutsogolo, a Kondakitala pambuyo. Pa TV mayi wina wagwada, akulira, wagwira miyendo ya apongozi ake, zeze akulira chapansipansi. A Jaji ali pampando wawo, miyendo yotupa ili pa kastulu, sangadzuke, sangathawe. Masaya onse anyowa, dontho lina lili lende kunsonga ya mphuno.

Ndinaona dzanja lawo likufufuza m'mbali mwa mpando, kufuna rimoti imene inali m'thumba mwanga. Ndinaganiza zonama kuti seweroli ndimaonera ndine, iwo agwidwa ndi chimfine. Mawu anali atafika kale pamlomo.

A Kondakitala anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso. Nkhope yawo inayamba kuwala pang'onopang'ono ngati ya munthu amene wapeza chinthu chimene anataya ali mnyamata.

"A Jaji," anatero mokoma kwambiri. "Kodi m'nyumba muno akusenda anyezi?"

A Jaji anasiya kufufuza kuja. Anandiyang'ana ine, ndipo anapukusa mutu pang'ono, kundiletsa. Misozi sanaipukute.

"A Telala, mutu wanuwo si wagalasi. Khalani pansi, mukunditchinga."

A Telala anakhala.

"Inunso a Kondakitala. Ndikudziwa muli ndi mawu, ndipo ndi ambiri. Muwanena onse, ine ndimva, sindiyankha. Koma mudikire ayambe kutsatsa malonda. Mayi uyu akumuthamangitsa pakhomo chifukwa cha mwana, pamene amene anasinthanitsa ana kuchipatala ndi mlamu wake."

"Si mlamu wake," anatero a Telala, maso ali pa TV. "Ndi azakhali aja a ndolo zikuluzikulu. Anaonetsa Lolemba."

Tonse tinatembenuka kuwayang'ana. A Telala anakhosomola.

"Amasoka bwino madiresi a m'seweroli," anatero. "Ine ndimangoona madiresi."

"Bodza!" anakuwa a Jaji, ndipo anaseka chikhakhali, misozi yakale ndi yatsopano kusakanikirana. "Bodza la telala! Achemwali, bweretsani makapu ena awiri. Khoti lonse ndi la akuba!"

A Kondakitala anakhala kunsonga kwa sofa, ndodo ili pakati pa miyendo, milomo ikuyendayenda, kukonzekera chigamulo chawo. Ine ndinathira tiyi. Pa TV mayi uja anatola kachikwama kake, anapsompsona mwana ali m'tulo, n'kutuluka pageti mvula ikugwa. Galimoto lina lakuda linaima pambali pake, galasi n'kutsika pang'onopang'ono. Pomwepo anadula, n'kuyamba kutsatsa sopo.

A Jaji anapinda manja pamimba n'kuweramitsa mutu. "Nthawi ndi yanu, a Kondakitala. Ndakonzeka."

A Kondakitala anayang'ana sopo uja pa TV ngati wawalakwira.

"Za inuzo tikamba Lamlungu," anatero. "Tandiuzani kaye, m'galimotomo muli ndani?"