Mayeso a Apongozi Pawindo

Kwa Kasina palibe amene sadziwa chitini cha a Zefaniya, aphunzitsi a Chingerezi. N'chitini chakale cha mkaka, ndipo muli timapepala topindapinda. Tsiku la mayeso olankhula Chingerezi, wophunzira amapisamo dzanja, kutola kamodzi, n'kulankhula mphindi zitatu pa mutu wolembedwapo. Iwo amangokhala phee, wotchi patebulo, akupereka malikisi a katchulidwe, a kumveka kwa nkhani, ndi a kuyang'ana womvera. Amati papepala munthu atha kuonera kwa mnzake, koma polankhula amatsala yekha. Kukondera ndiye sakudziwa bamboyu. Mwana wa akatekisiti enieni adam'patsa ziro, anthu n'kugwira pakamwa.

Kwawo ndi ku Chimbiya. Kuno adabwera chikamwini, atakwatira Jenifa, mwana wa mayi Dorika. Jenifayo adatisiya zaka zitatu zapitazo, koma a Zefaniya sadachoke. Adatsala ndi ana awiri, akulimabe dimba la apongozi awo, kudikira tsiku lomwe akuchikazi adzawamasule. Zaka zonsezi iwo ndi mayi Dorika sadayang'anizanepo maso. Akakumana panjira, mayiwo amapatukira m'chimanga, ndipo uthenga umadzera mwa ana.

Ndiye tangoganizani, chaka chatha mayi Dorika adalembetsa m'kalasi ya akuluakulu ya masana! Mawondo adali atakana khasu, ndipo nyumba ina yogona alendo m'munsi mwa phiri la Dedza inkafuna wophika wotha kuyankha alendo m'Chingerezi. Eni ake adati pafunika kalata ya mphunzitsi yotsimikiza zimenezi. Mphunzitsi wake adali mmodzi yemweyu.

Kuphunzira kudayenda bwino, poti mayiwo ankakhala kumbuyo, kuseri kwa anzawo, n'kumayankha pamodzi ndi gulu. Zidavuta pa mayeso. Adalowa okha, kugwada pakhomo, kutola kapepala nkhope ili kumbali. Mphindi zitatu zidatha, kukamwa kuli gwa. Adadzuka n'kutuluka.

A Zefaniya adakhala nthawi akuyang'ana pepala lopanda kanthu. Mtima udawawawa. Kulemba ziro, ndiye kuti ntchito yapita, mawondo aja abwerere kudimba. Kulemba kalata yabodza, ndiye chitini chija angochitaya. Ndipo ankadziwa kuti sadayese Chingerezi cha mayiwo ayi. Adayesa ulemu wawo.

M'mawa mwake adatuma Pilira, mayi wina wa m'kalasimo, kuti akawauze abwerenso. Ulendo uno adatembenuza mpando kuyang'ana bolodi, mayi Dorika n'kukhala panja pa windo, pamphepo ya Juni ija yolowa m'mafupa. Pilira adawerenga kapepala kadzulo kaja: afotokoze za dimba lawo.

 Mawu adayamba kutuluka, aang'ono, opunthwapunthwa. Adatchula kabichi, anyezi, mbatatesi, ndi chisanu chomwe chimawotcha nyemba. A Zefaniya ankalemba. Ndiye mayiwo adapitiriza, m'Chingerezi chomwecho.

"Dimba limeneli sindilima ine. Amalima mwamuna wa mwana wanga. Mwana wanga adamwalira. Mwamunayo akuganiza kuti taiwala kumumasula. Sitidaiwale. Abale amandifunsa, ine ndimati chaka chamawa. Ndikuopa. Akapita, nyumba ya mwana wanga itsekedwa. Ndalakwa, ndikudziwa. Iye ndi mwana ndithu, atha kukwatira. Akafuna kupita, ndiuza abale. Koma ine mwana wamwamuna ndilibe wina."

Cholembera chidaima. Wotchi idadutsa mphindi zitatu, kufika zisanu, mwini wake osaiona. Pilira adayang'ana pansi. Abale inu, zaka khumi ndi chimodzi pakhomo pamodzi, ndipo mawu oyamba a apongozi kwa mkamwini adabwera m'chilankhulo cha eni, kudzera pawindo losweka galasi.

A Zefaniya adapukuta m'maso ndi dzanja la choko, n'kubwerera ku ntchito. Pa katchulidwe adachotsapo ndithu, chifukwa mawu ena adapindika. Pa kuyang'ana womvera adalemba ziro, poti n'zoona. Pa kumveka kwa nkhani adapereka onse. Ataphatikiza, mayiwo adakhoza, ngakhale mopulumukira. Kalata adalemba tsiku lomwelo, ndipo m'menemo mudalibe bodza ngakhale limodzi.

Za kumasulidwa sadazitchulenso. Mpaka lero akuphunzitsa, chitini chili chomwecho, kungoti wophunzira wamanyazi amamulola kuyamba atayang'ana khoma.

Lolemba lotsatira adakumana panjira ya kusiteji, mayi Dorika atavala nsapato, akupita kukayamba ntchito. Monga mwa nthawi zonse, mayiwo adapatukira m'mapesi n'kufulatira. A Zefaniya adavula chipewa kuti adutse. Ali pafupi kupitirira, adamva moni wa m'mawa, m'Chingerezi, akuchokera m'mapesimo.

Adaima, nawonso atafulatira, n'kuyankha.